Tsiku Limene Ndinatulutsa Vesheni Yachiwiri Ndekha

Abale ndi alongo, zikomo pondipatsa mpata. Ndine Lackson Mwanza, ndimakhala ku Matero konkuno, kuseri kwa msika. Ena mwa inu munandionapo nditagona m'mphepete mwa ngalande dzuwa lili pamutu, ndiye palibe chimene ndingakubisireni. Anzanga amene ayankhula ine ndisanaimirire anena kuti mowa unawagwira chifukwa cha ulova, ena chifukwa cha maliro. Ine ntchito ndinali nayo, banja ndinali nalo, mutu unkagwira bwino. Chimene chinandigwetsa ndi nsanje. Mowa unangobwera pambuyo kudzaiperekeza.

Zaka zimene makampani aboma ankagulitsidwa zija, atate anga anachotsedwa ntchito, ndipo ine ndinasiyira koleji panjira. Mwamwayi ndinapeza ntchito pa kafe ya intaneti kufupi ndi Kamwala, yothandiza anthu kutumiza maimelo ndi kukonza makompyuta akafa. Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali atangoyamba kulowa m'makomboni. Makasitomala akachepa ndinkakhala pakona n'kumadziphunzitsa kulemba mapulogalamu, mpaka ndinapeza njira yoti kompyuta izitumiza mameseji kudzera pa foni yolumikizidwa ndi chingwe. Munthu walemba uthenga kamodzi, wafika kwa anthu ambiri.

Chimene ndinalembacho anzathu a makompyuta amachitcha laibulale, koma si ya mabuku ayi. Mukudziwa akalipentala a ku Kalingalinga: akamapanga chitseko sasula okha mahinjesi, amatenga opangidwa kale n'kukhomera. Laibulale ndi chimodzimodzi. Ndi kachidutswa ka pulogalamu kokonzedwa kale, kamene wina amatenga n'kuika m'pulogalamu yake. Yanga ndinaitcha Kamthenga, ndipo ndinaiika pa intaneti poyera, kuti aliyense aitenge ulere, aone mmene inalembedwera, akapeza cholakwika akonze. Zokonzedwa zikachuluka mumazisonkhanitsa n'kutulutsa vesheni yatsopano. Koma wotulutsa amakhala amene ali ndi pasiwedi, ndipo pasiwediyo inali ndi ine ndekha.

Saidi ndinamudziwira pa kafe pomwepo. Atate ake, ba Jafali, anali telala wa ku Chawama, Asilamu ochokera ku Malawi kalekale, ndipo ankamutuma kudzatumiza maimelo kwa abale awo. Saidiyo anali wamsinkhu wanga, wosayankhulayankhula. Tsiku lina anandifunsa chimene ndinkalemba pakona paja, ndinamusonyeza. Ndine ndinamuphunzitsa zonse zoyambira, ndipo ndinkanyada naye. Ndinkauza anthu kuti uyu ndi wophunzira wanga.

Sipanatenge nthawi, wophunzira uja anandipitirira. Chinthu chimene ine ndinkalimbana nacho sabata yathunthu, iye ankachiyang'ana kwakanthawi, n'kunena motsitsa mawu kuti mwina tiyese chonchi, ndipo chinkatheka. Tinali ndi gulu la pa imelo la anthu ogwiritsa ntchito Kamthenga, ena ku Kenya, ena ku Ghana, ena kuno kwathu. Poyamba mafunso onse ankabwera kwa ine. Kenako anthu anayamba kulemba kuti Saidi tithandize, Saidi zikomo. Ndiye tsiku lina munthu wina amene sindinamuonepo nkhope analemba m'gulumo kuti laibulale ya Saidi yamupulumutsa. Laibulale ya Saidi. Saidi anayankha tsiku lomwelo kuti mwini wake ndi Lackson, iye amangothandiza. Mukudziwa, yankho limenelo ndi limene linandipweteka kwambiri. Ndinaona ngati akundimvera chisoni pagulu.

Kuchokera pamenepo zinthu zinatsetsereka msanga. Saidi anali atalembanso pafupifupi Kamthenga yense kuti tikhale ndi vesheni yachiwiri, ndipo inali yabwino, ndinkadziwa ndithu kuti ndi yabwino. Koma nthawi iliyonse akati titulutse, ine ndinkapeza chifukwa. Lero ndati dzina la chigawo ichi silikumveka, mawa ndati tidikire tiyesenso. Anthu m'gulu ankafunsa kuti vesheni yatsopano ituluka liti, ine n'kumangozengereza. Ndikaweruka sindinkapitanso kunyumba, ndinkadzera kuthaveni. Mowa wa m'mabotolo utandikulira ndinatsikira ku kachasu wa ku Kanyama, kumene ndinapeza anthu okonzeka kumva nkhani yanga tsiku lililonse bola ndiwagulire. Nkhani yake inali imodzi: mwana wa telala wandibera ntchito yanga. Iwo sankadziwa n'komwe kuti kompyuta imayatsidwa pati, koma ankavomereza kuti ndalakwiridwa.

Mkazi wanga Esnart anapirira mpaka pamene anatopa. Tsiku limene ananyamula mwana wathu Tamara kupita kwa mkulu wake ku Mtendere sanakalipe. Anangoti, "Batate ba Tamara, mu nyumba muno tinkhala batatu na Saidi. Mukauka ni Saidi, mukagona ni Saidi. Ine nalema." Ndinamulola apite, ndipo mumtima ndinawonjezera nkhaniyo pa milandu ya Saidi.

Kenako kunabwera kalata yoitana munthu mmodzi wa Kamthenga ku msonkhano wa olemba mapulogalamu ku South Africa, ulendo wolipiriridwa. Anaitana Saidi. Iye anabwera kwa ine ndi manyazi, nandiuza kuti wawalembera kuti aitane ine koma akana chifukwa akufuna wofotokoza za vesheni yachiwiri. Anandipempha kuti akabwerako tiitulutse limodzi. Ndinamugwira chanza, ndinamufunira ulendo wabwino. Sindinakwerepo ndege ine. Tsiku limene ananyamuka ndinkayang'ana ndege iliyonse yodutsa pamwamba pa Matero ngati yandilavulira.

Lachisanu la sabata imeneyo ndinafika kuntchito masana nditamwa kale. Ndinakhala pakona panga paja n'kutsegula vesheni yachiwiri. Munali chigawo chimene anthu ankamutamandira kwambiri Saidi, chokumbukira mameseji amene atumizidwa kale, kuti magetsi akazima kapena chingwe chikasokonekera uthenga usapite kawiri. Ndinachichotsa n'kubwezeramo njira yanga yakale. Pa tsamba la mayina a olemba ndinafufuta dzina lake. Sindinayese kalikonse. Ndinalowetsa pasiwedi, ndinatulutsa, n'kulembera gulu lonse kuti ine Lackson Mwanza ndakubweretserani vesheni yachiwiri.

Zikanathera pomwepo mwina anthu a m'gulu akanangoona cholakwika n'kundiuza. Koma m'kachipinda ka kuseri kwa kafe munali kompyuta ya kalabu ya maliro ya amalonda a ku Kamwala. Ambiri mwa iwo ankakhala ku Chawama, ndipo ba Jafali anali membala. Saidi ndi amene anawaikiramo Kamthenga kuti wina akamwalira, uthenga uzifika kwa mamembala onse nthawi imodzi, moti iwo ankangoti makina a Saidi. Ndinkafuna kuti akabwerako adzapeze ngakhale makina akewo akuyendera ntchito yanga. Ndinaikamo vesheni yanga ija, ndinatseka chitseko, ulendo ku Kanyama.

Njira yanga yakale sinkatha kuwerenga zizindikiro za Saidi zosonyeza mameseji otumizidwa kale. Inapeza uthenga womaliza umene unasungidwa m'kompyutamo, inauyesa watsopano, n'kuutumiza. Itatumiza sinakumbukire kuti yatumiza, inatumizanso, mobwerezabwereza mpaka mayunitsi a mufoni anatha. Uthengawo unali wakuti kwagwa maliro kwa ba Daka ku Chawama, mamembala onse afike.

Ba Daka anali ataikidwa m'manda miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo aliyense ankadziwa. Ndiye anthu ataona uthengawo anaganiza chinthu chimodzi: wamwalira ndi mwana wawo wamwamuna, Joseph, amene anatenga malonda a atate ake ndipo sabata imeneyo anali pa ulendo wa ku Nakonde kukaoda katundu. Msewu umenewo mukuudziwa mmene umadyera anthu. Amayi ake, amake Joseph, anali kuchapa pakhomo pamene anaona azimayi a kalabu akulowa pageti akulira. Foni ya malemu amuna awo, imene ankaisunga m'kabati, nayonso inali ikulira ndi uthenga womwewo. Joseph sankapezeka pa foni chifukwa kumsewu kumeneko netiweki kunalibe. Mayi aja anagwa pomwepo. Anagona tsiku limenelo akudziwa kuti mwana wawo yekhayo wamwamuna wafa.

Ine zonsezi ndinazimva Loweruka m'mawa nditafika pa kafe mutu ukuwawa. Mwini kafe anandiuza kuti makina a Saidi achita zoopsa ku Chawama, anthu akwiya, akufuna kukaphwanya shopu ya atate ake. Palibe amene anatchula dzina langa. Apa ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa pansi penipeni pamene ndinafika si m'ngalande muja munkandiona. Ndi pamenepa. Nditamva kuti dzina la Saidi lili m'kamwa mwa anthu moipa, mumtima mwanga munatsekemera. Ndinakwera minibasi ya ku Chawama osati kukakonza kanthu. Ndinapita kukaonerera.

Ndinapeza mipando ya m'nyumba itatulutsidwa kale panja monga timachitira pamaliro, nkhuni zitaunjikidwa pakona. Uthenga unali utangofika kumene kuti Joseph ali moyo, waimba foni ali ku Mpika, akudabwa kuti anthu akumulira. Koma pakhomopo panalibe chimwemwe. Amake Joseph anali atagona pamphasa pakhonde, azimayi akuwakupiza ndi chitenje, nkhope itatupa, mawu atatha. Azibambo anali ataima m'magulu akukambirana zochotsa ba Jafali mu kalabu, achinyamata ena akunena zokatenga makina awo osokera. Ndinaima kumbuyo, pafupi ndi mpanda, ndikumvetsera zonse.

Ndiye ba Jafali analowa pageti. Anali munthu wokalamba, wowonda, atavala mkanjo woyera ndi kachisoti kawo. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhonde, anavula nsapato, n'kukhala pansi pafumbi, patsogolo pa mayi aja. Munthu amene anasokera theka la anthu amenewo zovala zaukwati. Sanadziteteze, sananene kuti mwana wawo ali kunja kwa dziko. Anati mwanayo ndi wawo, choncho cholakwacho ndi chawo, ndipo chilichonse chimene kalabu igamule adzachilandira. Wina kumbuyo anawatukwana, iwo anangoweramitsa mutu.

Potembenuka ba Jafali anandiona. Nkhope yawo inawala ngati aona mbale wawo pakati pa adani. Anandikodola, ndipo anthu anapatuka kundipatsa njira. Ndinayenda fungo la kachasu wa dzulo likutuluka m'thupi.

"Awa ndi aphunzitsi a mwana wanga," anauza anthuwo. Kenako anayang'ana ine. "Bambo Mwanza, Saidi kunyumba amati zonse zimene amadziwa munamupatsa ndinu. Chonde, kamukonzereni pamene walakwitsapo asanabwere. Asadzapeze manyazi awa akumudikira."

Abale anga, ndakhala ndikutukwanidwa m'mathaveni, ndamenyedwapo, koma palibe chinandilasa ngati mawu amenewo. Mdala uja atakhala pafumbi chifukwa cha ine, akundipempha ine kuti ndipulumutse mwana wake. Ndikanatha kuvomera. Ndikanapita kukabwezeretsa chigawo cha Saidi mwakachetechete, n'kutuluka ngati ngwazi imene yakonza zolakwa za wophunzira wake. Maganizo amenewo anabwera, sindinama, ndipo anakhala kanthawi ndithu. Koma pakamwa panatseguka pokha. Ndinati Saidi sanalakwitse kanthu. Ndinati ndine ndinachotsa ntchito yake n'kuikamo yanga, nditaledzera, ndipo ndinachita dala kuti dzina lake lichoke.

Panabuka phokoso. Mnyamata wina anandiwomba khofi kumbuyo kwa khutu, azibambo anamugwira. Ba Jafali anadzuka, anasasa mkanjo wawo, anavala nsapato, n'kutuluka osandiyang'ananso.

Amake Joseph ndi amene anatontholetsa anthu. Anadzuka pamphasa mothandizidwa, anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso ofiira aja, n'kufunsa ndi mawu osasa: "Manje imwe, uyo Saidi anakutengelani chani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Miyezi yonse ija ndinali ndi mayankho ambiri ku Kanyama, ndinkawanena mpaka kutuluka thovu. Pakhonde paja ndinafufuza ndipo sindinapeze ngakhale limodzi. Ntchito sananditengere. Mkazi sananditengere. Kamthenga ndinamuika poyera ndekha kuti aliyense amukonze, ndipo Saidi anachita chimene ndinapempha dziko lonse kuti lichite. Mlandu wake unali woti anachita bwino kuposa ine. Mayi aja anadikira, ataona kuti ndilibe mawu anagonanso pamphasa n'kutembenukira kukhoma.

Sindikuuzani kuti tsiku lomwelo ndinasiya mowa. Ntchito inatha Lolemba, ndipo sabata imeneyo ndinamwa kuposa kale. Koma kachasu anali atasiya kugwira ntchito yake. Ndikamwa, funso la mayi aja linkamveka kwambiri m'malo mochepa.

Chinthu choyamba chanzeru chimene ndinachita chinali kupita pa kafe ina m'tauni, kumene sankandidziwa, ndili bwinobwino. Ndinachotsa vesheni yoipa ija pa intaneti, n'kulembera gulu lonse kuti asaigwiritse ntchito. Ndinalemba zimene ndinachita mmene zinalili. Ndinayesa kulemba kuti panachitika kulakwitsa, koma ndinafufuta, chifukwa sikunali kulakwitsa. Ena anandiyankha mwaukali, ena anachoka m'gulu osabweranso. Anthu amene ankadalira Kamthenga pa ntchito zawo anayamba kukayikira ngati angamukhulupirirenso, ndipo chikayiko chimenecho chinagweranso Saidi amene sanalakwe.

Saidi atabwerako ndinakamupeza kushopu ya atate ake. Anatuluka panja kuti tisayankhulire pamaso pa mdala. Ndinamupatsa pasiwedi, ndinamuuza kuti aisinthe ndipo asandiuze yatsopanoyo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Dzina langa ukanachotsa chabe, sembe sininakambe kanthu. Koma batate banankhala pansi pa doti, Lackson." Analowanso m'shopu. Panapita nthawi yaitali asanandiyankhulenso pamaso.

Koma sanandithamangitse mu Kamthenga, ndipo mpaka lero sindidziwa chifukwa chake. Analembera gulu malamulo atsopano: vesheni siituluka popanda anthu awiri kuvomereza, ndipo isanatuluke iyesedwe pa mafoni athu okha, osati pa anthu. Ntchito yoyesayo anthu ankaithawa chifukwa ndi yotopetsa ndipo palibe amene amakutamanda nayo. Ndinaipempha ine. Ndinkazungulira kwa okonza mafoni m'tauni kubwereka mafoni akale a mitundu yosiyanasiyana, kulumikiza, kutumiza uthenga, kuzula chingwe pakati, kuzimitsa kompyuta mwadala, kuona ngati uthenga upita kawiri. Vesheni yachiwiri yeniyeni inatuluka ndi dzanja la Saidi. Dzina langa lili m'munsi, pa oyesa.

Ku gulu lino anandibweretsa ndi ba Tembo, awo akhala kumapeto kwa benchiwo. Anandipeza ndikuzungulira pakhomo la thaveni ngati galu, osalowa koma osachokapo. Kuno ndinaphunzira kuti sindingasiye mowa ndikusunga chimene chimandipatsa ludzu. Ndinapitanso kwa amake Joseph, ulendo uno ndi akulu a mpingo wathu, kukapepesa mwa mwambo. Anandikhululukira, koma kuyambira tsiku lija mtima wawo sunakhalenso bwino, amamwa mankhwala mpaka pano. Zimenezo sindingazikonze ndi vesheni iliyonse. Esnart anabwerera patapita nthawi, atandiyang'anitsitsa kaye ali ku Mtendere komweko. Tinagwirizana chinthu chimodzi: nsanje ikandigwira ndiziitchula dzina pamaso pake. Ndisamati ndatopa, ndisamati mutu ukuwawa. Ndizinena kuti lero ndamuchitira nsanje Saidi. Kunena zimenezo kwa mkazi wako n'kochititsa manyazi, koma ndikazinena zimachepa mphamvu.

Ndikanakonda kukuuzani kuti nsanjeyo inatha. Sinathe. Saidi pano amagwira ntchito kunja, ine ndimakonza makompyuta pa kantemba kanga, kashopu kakang'ono ka pamsika. Sabata yathayi anatumiza chigawo chatsopano cha Kamthenga kuti ndichiyese. Ndinakhala nacho m'mawa wonse, ndipo pakati pake ndinadzigwira kuti sindikufufuza cholakwika kuti nditeteze anthu ayi, ndikuchifufuza chifukwa ndikufuna chipezeke. Sichinapezeke. Chinali cholembedwa mwaluso moti ludzu la mowa linandigwira, miyendo inayamba kukumbukira njira ya ku Kanyama. Ndinatseka kantemba, ndinapita kwa ba Tembo, tinakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka zinadutsa. Nditabwerera ndinamulembera Saidi kuti ndayesa, zonse zili bwino, atulutse. Ndinawonjezera kuti ine sindikanatha kulemba chinthu chotere. Chala chinalemera pa mawu amenewo, koma ndinatumiza.

Ndikudziwa kuti muno ambiri simunagwirepo kompyuta. Koma ndikukhulupirira kuti ena mwa inu muli ndi munthu amene mukangomva dzina lake mumamva ludzu. Mwina ndi mng'ono wanu amene anamanga nyumba ku Chilenje, mwina ndi mnzanu amene munayamba naye kugulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, pa tebulo limodzi. Musabwerere nalo kunyumba dzina limenelo lero. Litchuleni muno, pamaso pa anthu amene sangakusekeni. Langa mwalimva.